Chifukwa chiyani katemera wa fuluwenza amabayidwa chaka chilichonse? Mbiri yake kuyambira 1918

Lero tikhale pansi pang'ono chifukwa nkhani yathu ndi yaitali. Abale athu ambiri amene ali ku Joni ndi ku UK amabayitsa katemera wa fuluwenza chaka chilichonse, ndipo akatiuza pafoni kuno kumudzi timadabwa: katemera wanji wothira chaka ndi chaka ngati feteleza? Wa chikuku mwana amalandira kawiri basi, nanga uyu bwanji? Yankho lake lili m'mbiri ya matendawa. Mukaimva mbiriyi mudziwa chimene katemerayu amachita, chimene sachita, ndi mmene mungamulandirire bwinobwino.

CHIMFINE CHILI PAWIRI

M'Chichewa zonse timangoti chimfine, koma kuchipatala timasiyanitsa. Pali chimfine wamba chija cha mamina, kuyetsemula ndi kukanda pakhosi, chimene munthu amapita nacho kumunda. Ndiye pali fuluwenza. Uyu amabwera mwadzidzidzi: m'mawa muli bwino, pofika madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, m'mfundo monse mukuphwanya, chifuwa chouma, ndipo kudzuka pamphasa ndi nkhondo. Ambiri amachira pakatha sabata imodzi. Koma kwa khanda, mayi woyembekezera, agogo, kapena munthu amene chitetezo chake cha m'thupi chatsika, fuluwenza amatsegulira khomo chibayo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu 3 mpaka 5 miliyoni amadwala kwambiri ndi fuluwenza, ndipo pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira.

CHAKA CHA 1918

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse ikupita kumapeto, kunabuka mliri wa fuluwenza umene sunaonekepo. Akatswiri amati munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko anadwala, ndipo anthu pafupifupi 50 miliyoni anamwalira, kuposa amene anafa pankhondo yeniyeniyo. Anautcha dzina la dziko la Spain, koma si kuti unayambira kumeneko. Maiko amene ankamenya nkhondo ankaletsa nyuzipepala kulemba za matendawa poopa kufooketsa asilikali. Spain sinali pankhondo, choncho nyuzipepala zake zinkalemba momasuka, ngakhale za mfumu yawo Alfonso XIII imene inadwala nawo. Wonena poyera ndiye anasenza dzina.

Mliriwu unayenda ndi sitima. Mu Ogasiti 1918 unafika padoko la Freetown ku Sierra Leone. Mu Seputembala, sitima ziwiri zonyamula amuna a ku South Africa ochokera kunkhondo zinaima ku Freetown komweko zisanafike ku Cape Town. Amunawo atatsika anakwera sitima zapamtunda kupita kwawo, ndipo matenda anapita nawo. M'masabata asanu ndi limodzi okha, anthu pafupifupi 300,000 anamwalira ku South Africa. M'migodi ya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, kumene kunkagwira ntchito amuna ambiri ochokera kuno, anthu anafa ochuluka. Chakumapeto kwa chaka chomwecho matendawa analowa mu Nyasaland, nthawi imene asilikali ndi amtengatenga zikwizikwi ankabwerera m'midzi mwawo atatopa ndi kuwonda ndi nkhondo.

Chodabwitsa n'chakuti mliriwu unatenga kwambiri anthu amphamvu zawo, azaka za pakati pa 20 ndi 40, omwe ndiwo olima ndi olera ana. Ambiri sanaphedwe ndi fuluwenza yekha, koma ndi chibayo chimene chinkabwera pambuyo pake. Panalibe katemera, panalibe penisilini, ndipo madokotala sankadziwa n'komwe kachilombo kamene kankapha anthuwo.

ANAYAMBA AGWIRA WOLAKWIKA

Mu 1892 dokotala wa ku Germany, Richard Pfeiffer, anapeza kachilombo ka mtundu wa bakiteriya m'makhololo a odwala ndipo ananena kuti ndi kamene kamayambitsa fuluwenza. Anthu anamukhulupirira kwa zaka zambiri, moti mu 1918 madokotala ena anapanga akatemera olimbana ndi bakiteriya, koma sanaletse mliri. Wakuba weniweni anali wina, vayirasi, kachilombo kochepetsetsa kamene makina oonera tizilombo a nthawi imeneyo sankatha kukaona.

Kachilombo ka Pfeiffer kaja kanatsala ndi dzina lake lolakwikalo, Haemophilus influenzae, mpaka lero. Amayi mumakadziwa ngakhale simunamvepo dzinalo. Mtundu wake woopsa, wotchedwa Hib, umayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi mwa ana, ndipo uli m'gulu la matenda asanu amene katemera wa Penta amateteza. Malawi anayamba kupereka Penta mu 2002, ndipo mwana amabayidwa ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Choncho Penta ndi wofunika kwambiri, koma sateteza fuluwenza. Dzina lokha ndilo likufanana.

Vayirasi ya fuluwenza wa anthu inapezeka mu 1933 ku London. Akatswiri atatu, Wilson Smith, Christopher Andrewes ndi Patrick Laidlaw, anatenga madzi otsukira kukhosi kwa odwala, n'kuwasefa kuti bakiteriya yense atsale, kenako n'kuwadonthezera m'mphuno mwa kanyama kooneka ngati likongwe kotchedwa ferret. Kanyamako kanadwala, kanayamba kuyetsemula, ndipo kanapatsira anzake. Uwu unali mtundu umene lero timautcha A. Mu 1940 dokotala wa ku America, Thomas Francis Jr., anapeza mtundu wachiwiri, B. Mitundu iwiriyi ndi imene imatidwalitsa chaka ndi chaka.

KATEMERA WOYAMBA ANACHOKERA M'MAZIRA

Kuti mupange katemera mufunika vayirasi yambiri, koma vayirasi simera m'botolo. Imachulukana mkati mwa chinthu chamoyo chokha. M'zaka za m'ma 1930 ofufuza anapeza kuti imakula bwino m'mazira a nkhuku amene ayamba kupanga mwanapiye. Amabaya vayirasi m'dzira, amadikira masiku awiri kapena atatu, amatapa madzi ake, amaipha vayirasiyo ndi mankhwala, n'kuiyeretsa. Chotsalacho thupi likachiona limaphunzira nkhope ya mdani, koma sichingakudwalitseni chifukwa n'chakufa. Mpaka lero katemera wambiri wa fuluwenza amapangidwa m'mazira.

Nkhondo yachiwiri itayamba, akuluakulu a asilikali a ku America ankakumbukira za 1918 ndipo sanafune kuti zibwerezenso. Anapatsa ntchito Thomas Francis uja ndi wachinyamata wina, Jonas Salk, yemwe pambuyo pake anadzatchuka ndi katemera wa poliyo. Katemera wawo anayesedwa pa asilikali mu 1943 ndi 1944, anaoneka kuti akuteteza, ndipo mu 1945 analoledwa kugwiritsidwa ntchito.

Chimwemwe sichinakhalitse. Mu 1947 katemera yemweyo anakanika kuteteza anthu. Atafufuza anapeza kuti katemera sanawonongeke, koma vayirasi ndi imene inasintha maonekedwe.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lathu lija. Kachilombo ka chikuku sikasintha kwenikweni, n'chifukwa chake mwana akalandira katemera wake kawiri amatetezeka kwa moyo wake. Vayirasi ya fuluwenza ili ngati mbala imene imabwera ndi zovala zina chaka chilichonse. Asilikali a m'thupi anaiona itavala malaya ofiira, chaka chino yabwera ndi jekete ndi chipewa, ndiye amaiphonya. Komanso chitetezo chimene katemerayu amapereka chimatsika pakapita miyezi. Zifukwa ziwirizi ndi zimene zimachititsa kuti abayidwe chaka chilichonse.

DZIKO LONSE LINAYAMBA KULONDERA

Phunziro la 1947 linali lakuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1952 WHO inakhazikitsa mgwirizano wa malabotale olondera fuluwenza, ndipo lero uli m'maiko oposa 120. Amatenga zoyeza m'mphuno ndi kukhosi kwa odwala n'kuona mitundu imene ikuyenda. Akatswiri amakumana kawiri pachaka. Mu Febuluwale amasankha mitundu yoika mu katemera wa maiko a kumpoto monga Britain ndi America, kumene kumazizira mu Disembala. Mu Seputembala amasankha ya maiko a kummwera monga South Africa ndi Australia, kumene kumazizira mu Juni. Kuchokera pamenepo mafakitale amatenga pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi kuti katemera atuluke.

Popeza amasankha nyengo isanafike, zaka zina amalasa bwino, zaka zina vayirasi imasintha katemera ali kale m'njira. M'chaka chimene alasa bwino, katemerayu amachepetsa mwayi wodwala fuluwenza ndi 40 mpaka 60 pa 100 aliwonse. Si chishango chosabooka, koma amene wabayitsa akadwalabe, kawirikawiri matenda ake sakula mpaka kugonekedwa.

Nthawi zina vayirasi imasintha kotheratu, makamaka ikasakanikirana ndi ya mbalame kapena ya nkhumba, ndipo pamenepo pamabuka mliri wa dziko lonse. Zinachitika mu 1957 ndi mu 1968, ndipo ulendo uliwonse anthu pafupifupi 1 miliyoni kapena kuposerapo anamwalira. Zinachitikanso mu 2009, ndi fuluwenza uja ankamutcha wa nkhumba.

ZIMENE ZINALAKWIKA

Mbiri yoona siibisa mabala. Mu Febuluwale 1976, pamalo a asilikali a Fort Dix ku America, panabuka fuluwenza wofanana ndi wa nkhumba ndipo msilikali mmodzi anamwalira. Poopa kuti za 1918 zabweranso, boma la Pulezidenti Gerald Ford linaganiza zobaya dziko lonse. Anthu oposa 40 miliyoni analandira katemera m'masabata ochepa. Mliri sunabwere. M'malo mwake madokotala anaona kuti matenda ofoola miyendo ndi manja otchedwa Guillain-Barré achulukirako pakati pa obayidwa, pafupifupi munthu mmodzi woonjezera pa 100,000 alionse. Mu Disembala chaka chomwecho ntchitoyo inaimitsidwa.

Kuyambira pamenepo matendawa amalonderedwa chaka chilichonse. Pa akatemera a masiku ano, ngati chiopsezo chilipo, ndi munthu mmodzi kapena awiri pa 1 miliyoni, ndipo kudwala fuluwenza weniweniyo kumabweretsa Guillain-Barré kawirikawiri kuposa katemera.

Chinanso chinachitika pambuyo pa mliri wa 2009. Ku Finland ndi ku Sweden anaona kuti ana ena amene analandira katemera wotchedwa Pandemrix anayamba vuto logona tulo mwadzidzidzi masana. Katemera ameneyo anali wa mliri umenewo wokha, sanali wa chaka ndi chaka, ndipo sagwiritsidwanso ntchito.

Nkhani ziwirizi ndakuuzani dala. Mavuto onsewa anadziwika chifukwa anamwino ndi madokotala ankalemba ndi kupereka lipoti, ndipo odwala ankabwerera kuchipatala kukanena. Inunso mukaona chachilendo mutalandira katemera aliyense, bwererani mukanene. Kumeneko ndiko kuteteza anzanu.

MPHATSO YA MAYI KWA KHANDA

Khanda losakwana miyezi 6 silingabayidwe katemera wa fuluwenza, chonsecho ndilo limavutika kwambiri likadwala. Ofufuza anadzifunsa kuti, bwanji titabaya mayi ali woyembekezera, monga timachitira ndi kafumbata? Kafukufuku wa ku Bangladesh amene anatuluka mu 2008 anapeza kuti makanda a amayi obayidwa anadwala fuluwenza mochepa ndi 63 pa 100. Wina anachitika ku Soweto motsogozedwa ndi Pulofesa Shabir Madhi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Anapeza kuti katemerayu anachepetsa fuluwenza ndi pafupifupi theka mwa amayi ndi makanda awo, ndipo anatetezanso amayi amene ali ndi HIV. Chitetezo cha mayi chimadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba n'kumusunga miyezi yoyambirira. Mu 2012 WHO inaika amayi oyembekezera patsogolo pa magulu ofunika katemerayu, ndipo wobaya akhoza kulandiridwa mwezi uliwonse wa pakati.

NANGA KUNO KWATHU?

Fuluwenza kuno aliko. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akuyeza odwala chifuwa chachikulu chobanika ndi kupeza vayirasiyi mwa ana ndi akulu omwe, ndipo anaona kuti akuluakulu amene ali ndi HIV ndiwo amadwala nayo kwambiri. M'maiko otentha ngati lathu matendawa akhoza kubwera miyezi yosiyanasiyana, osati nyengo yozizira yokha.

Katemera wa fuluwenza sali pamndandanda wa akatemera amene ana amalandira kusikelo. Amene amamufuna kuno amakafunsa kuzipatala zolipira. Ku South Africa amaperekedwa m'makiliniki a boma nyengo yozizira isanayambe kwa amayi oyembekezera, okalamba, amene ali ndi HIV ndi ena odwala matenda okhalitsa. Ku Britain amayamba kubaya cha mu Seputembala ndi Okutobala. Ngati muli ndi mwana kapena mlongo woyembekezera kumeneko, mulimbikitseni akabayitse.

KULANDIRA KATEMERAYU MOYENERA

Amabayidwa kuyambira mwana wa miyezi 6. Mwana wosakwana zaka 9 amene akulandira koyamba amabayidwa kawiri, motalikirana masabata anayi. Wamkulu ndi kamodzi pachaka. Ofunika kwambiri ndi amayi oyembekezera, ana osakwana zaka 5, okalamba, odwala mphumu, shuga, mtima, impso, TB kapena amene ali ndi HIV, komanso ife ogwira ntchito zachipatala.

Thupi limatenga masabata awiri kuti limange chitetezo. Amene wadwala chimfine patangopita masiku atatu atabayitsa, ndiye kuti anali atatenga kale, kapena ndi chimfine cha mtundu wina. Katemera wobaya alibe vayirasi yamoyo, sangakupatseni fuluwenza.

Kupweteka pamalo obayidwa, kutentha thupi pang'ono ndi kuphwanya kwa tsiku limodzi kapena awiri n'zachizolowezi. Panado amathandiza. Mukabayidwa khalani pachipatala mphindi 15, chifukwa thupi likakana katemera mwamphamvu, zimene zimachitika kwa munthu pafupifupi mmodzi pa 1 miliyoni, nthawi zambiri zimaonekera msanga ndipo mankhwala ake amakhala pomwepo. Kutupa nkhope, zidzolo thupi lonse kapena kubanika ndi zofunika kuthamangira nazo kwa namwino.

Musanabayidwe muuzeni namwino ngati katemera wina anakuvutanipo kwambiri, ngati munadwalapo matenda ofoola ziwalo aja, kapena ngati mazira amakutupitsani. Ambiri amene mazira sawayanja amabayidwa popanda vuto, koma namwino adziwe. Ngati thupi latentha kwambiri tsiku limenelo, dikirani muchire kaye.

Maiko ena ali ndi katemera wopopera m'mphuno, amene amapatsa ana asukulu ku Britain. Ameneyu ali ndi vayirasi yamoyo yofooketsedwa, choncho si wa amayi oyembekezera, ana osakwana zaka 2, kapena anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri.

Katemera amasungidwa mufiliji pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akaundana wawonongeka, akakhala padzuwa wawonongekanso. Musalole kubayidwa ndi munthu woyenda ndi jakisoni m'chikwama pamsika, ndipo musatumize m'bale kuti akubweretsereni pabasi kuchokera ku Joni. Funsani kuti muone tsiku lothera ntchito ndi chaka chimene chalembedwa pabokosi, chifukwa wa chaka chatha si wa chaka chino. Onetsetsani kuti jakisoni watsegulidwa inu mukuona, ndipo alembe m'buku lanu la kuchipatala.

NGATI KATEMERAYU SIMUNGAMUPEZE

Ambiri a ife m'midzi sitimufikira, koma sitili manja lende monga anthu a 1918. Chimene chinapha ambiri nthawi ija ndi chibayo, ndipo lero tili ndi Penta komanso katemera wa chibayo wa PCV, amene Malawi anayamba kupereka mu 2011. Onsewa ndi aulere kusikelo. Mwana amalize akatemera ake onse. Yamwitsani mwakathithi miyezi 6. Amene ali pa ma ARV amwe mosadumphitsa. Wodwala chimfine asapsompsone kapena kufungatira khanda, atsokomolere m'chigongono, ndipo m'nyumba muzisamba m'manja ndi sopo ndi kutsegula mawindo.

Thupi likatentha musangoti ndi chimfine. Fuluwenza ndi malungo zimayamba mofanana, choncho kayezetseni magazi tsiku lomwelo. Musagule amoxicillin kapena Bactrim pagolosale kuti muchize chimfine, chifukwa mankhwala amenewa amapha bakiteriya, vayirasi saikhudza. Dokotala ndiye amaona ngati chibayo chalowa n'kukulemberani. Mwana wotentha thupi musamupatse aspirin, akhoza kumuwononga chiwindi ndi ubongo.

Phunzirani kuwerenga mpweya wa mwana ali phee, kwa mphindi imodzi yathunthu. Wosakwana miyezi 2 akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira, mupite naye kuchipatala. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena wafooka osadzuka, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. Mayi woyembekezera amene watentha thupi ndi kubanika asadikire tsiku la sikelo.

Makolo athu a mu 1918 anaika maliro osadziwa dzina la chimene chinawapha. Ife dzina tikulidziwa, njira zake tikuzidziwa, ndipo zizindikiro zoopsa mwaziwerenga pano. Auzeni apongozi, anansi ndi amayi anzanu a kusikelo amene alibe foni, ndipo pamene simunamvetse afunseni azaumoyo a m'dera lanu. Khalani ndi tsiku labwino, musamale ana.